Sikelo yoyezera aphungu isakhale m'manja mwa aphungu okha

Mlimi aliyense amene anagulitsapo soya kapena mtedza kwa venda akudziwa kuti nkhondo yeniyeni sikhala pa mtengo. Imakhala pa sikelo. Mutha kumvana mtengo wabwino pa kilo, koma ngati sikeloyo ndi ya wogula, ndipo iye yekha ndiye amaimasula ndi kuimanga usiku, ndiye kuti mwaberedwa musanatsitse n'komwe thumba panjinga. N'chifukwa chake takhala tikulimbikira kuti sikelo ziziyesedwa ndi munthu wapadera, amene sakugula komanso sakugulitsa.

Malamulo aakulu oyendetsera dziko lino ndi sikelo yotere. Amayeza Pulezidenti, nduna, apolisi ndi aphungu. Gawo 5 limanena kuti lamulo lililonse, kapena chochita chilichonse cha boma, chosemphana ndi malamulo aakuluwa chilibe mphamvu. Vuto ndi lakuti aphungu omwe amayezedwawo ndi amenenso ali ndi mphamvu yosintha malamulo aakuluwo. Tsono mphamvu imeneyi ili ndi malire kodi? Nanga akadumpha malirewo, angawabweze ndani? Ife tikuti malire alipo, ndipo makhoti ndiwo ayenera kuwalondera. Koma tikutinso mpanda umene tili nawo kuno kwathu uli ndi mipata, ndipo zinthu zimene zinali zathu alimi zinatulukira pa mipata imeneyo.

Tiyambe ndi zomwe malamulowo amanena, popeza ambiri a ife bukuli sitinaligwirepo n'komwe. Njira zosinthira zilipo ziwiri. Yoyamba ili m'gawo 197: aphungu okwana magawo awiri mwa atatu a Nyumba yonse akavomera, basi lamulo lasintha. Kuyambira pa chisankho cha 2025 mipando ilipo 229, kutanthauza kuti anthu 153 ndi okwanira. Yachiwiri ili m'gawo 196. Kumapeto kwa bukuli kuli mndandanda wa magawo otetezedwa, ndipo ena mwa iwo ndi a ufulu wachibadwidwe, monga gawo 28 lonena za katundu wa munthu, gawo 32 lonena za ufulu wolowa m'mabungwe, ndi gawo 40 lonena za ufulu pa ndale. Amenewa aphungu sangawasinthe popanda kufunsa ife eni dziko kudzera pa riferendamu, ngati ija ya pa 14 June 1993. Pali kakhomo kena kakang'ono m'gawo lomweli: Sipikala akatsimikiza kuti kusinthako sikukhudza thunthu la lamulolo, aphungu okwana magawo awiri mwa atatu atha kudutsa popanda riferendamu. Za kakhomo aka tinena kutsogoloku.

Amene analemba malamulowa mu 1994 anali ndi zipsera. Mu 1966 Malawi anakhala dziko la chipani chimodzi, ndipo mu 1971 Dr. Kamuzu Banda anakhala Pulezidenti wamuyaya. Zonsezi sizinabwere ndi mfuti ayi. Zinadutsa m'Nyumba ya Malamulo, manja akuwombedwa. Achikulire m'makalabu mwathu akukumbukira kuti m'zaka zimenezo mlimi wamng'ono sankaloledwa kulima fodya wa bale kufikira 1990, ankagulitsa mbewu zake ku ADMARC kokha kufikira 1987, ndipo malo ambiri a makolo anasanduka maesiteti. Izinso zinali zololedwa ndi malamulo a nthawiyo. Munthu akanapita kukadandaula kuti, pamene sikelo inali itakonzedwa kale?

Tsopano taonani zimene zinachitikira magawo amene sanalowe pa mndandanda wotetezedwa uja.

Malamulo a 1994 anali ndi gawo 64, lopatsa anthu a m'dera mphamvu yochotsa phungu wawo zaka zisanu zisanathe ngati sakuwatumikira. Mu 1995 aphungu analifufuta lisanagwirepo ntchito ngakhale kamodzi. Palibe anatifunsa. Inu nomwe mukudziwa zotsatira zake: phungu amene munamuona komaliza akugawa nsalu ndi mchere nthawi ya kampeni, amadzaonekanso patatha zaka zinayi ndi theka, ndipo mulibe chomuchita.

Chachiwiri ndi chimene chimatiwawa kwambiri ife a m'mabungwe a alimi. Malamulo omwewo anakhazikitsa Nyumba yachiwiri yotchedwa Seneti, ya anthu 80. Boma lililonse mwa maboma 24 a nthawiyo limayenera kutumiza munthu mmodzi komanso mfumu imodzi. Mipando 32 yotsalayo inali ya magulu osiyanasiyana, ndipo malamulo anatchula mayina: mabungwe a amayi, anthu olumala, a zaumoyo, a zamaphunziro, a zamalonda, mabungwe a anthu apantchito, azipembedzo, ndiponso a zaulimi. Inde, alimi tinali ndi malo athu olembedwa m'malamulo aakulu a dziko. Nyumba imeneyi ikanakhala ndi mphamvu younika mabilu ochokera kwa aphungu ndi kuwabweza ngati ali ndi zolakwika. Taganizani bilu ya malo, ya mbewu kapena ya fodya ikudutsa m'manja mwa munthu amene amadziwa kulemera kwa khasu. Seneti sinakhalepo pansi ngakhale tsiku limodzi. Anayamba aiimika kaye, kenaka mu 2001 aphungu anaithetseratu ponena kuti ikanadya ndalama zambiri. Apanso panalibe riferendamu. Nyumba imodzi inachotsa inzake imene inayenera kuiyang'anira. Bungwe la Law Commission linaunikanso malamulowa n'kutulutsa lipoti lake mu 2007, koma mpaka lero Seneti kulibe, gawo 64 kulibenso.

Chachitatu chinatsala pang'ono kupita. Gawo 83 limanena kuti Pulezidenti asapitirire matemu awiri otsatizana, koma nalonso silili pa mndandanda uja. Pa 4 July 2002 bilu yochotsa malire amenewa, kuti a Bakili Muluzi athe kuimanso, inapeza mavoti 125 pamene 59 anakana. Kunangoperewera mavoti atatu. Anthu atatu akanagona ndi maganizo ena usiku umenewo, bwenzi tikunena zina. Mipingo, maloya ndi anthu wamba anagwira ntchito yaikulu, ndipo khoti linathandiza pamene linagamula kuti Pulezidenti analibe mphamvu yoletsa zionetsero pa nkhaniyi. Komabe chimene chinapulumutsa gawo 83 tsiku limenelo chinali chiwerengero cha mavoti basi. Dziko silingamadalire mwayi wotere.

Pali pomwe khoti la kuno kwathu linaimikadi aphungu, ndipo nkhani yake ndi yofunika kuti mlimi aliyense aidziwe. Gawo 65 limanena za phungu amene wachoka m'chipani chimene chinamulowetsa m'Nyumba n'kukalowa china. Mu 2001, pamene a Brown Mpinganjira ndi anzawo anali atayambitsa gulu la National Democratic Alliance, aphungu anawonjezera mawu m'gawoli. Anati phungu ataya mpando ngakhale atangolowa m'bungwe lililonse limene zolinga kapena zochita zake ndi zandale. Bungwe la azipembedzo la Public Affairs Committee linakasuma, ndipo mu 2003 bwalo lalikulu la milandu, kudzera mwa Justice Anaclet Chipeta, linagamula kuti mawu owonjezerawo alibe mphamvu chifukwa akuphwanya ufulu wolowa m'mabungwe ndi ufulu pa ndale. Mfundo yake ndi yomveka kwa aliyense. Magawo 32 ndi 40 ndi otetezedwa, ndiye simungawasiye ali chilembedwere n'kukawadula miyendo kudzera m'gawo lina limene ndi losavuta kusintha. Ngati mukufuna kuchepetsa ufuluwo, pitani kwa eni ake mukawafunse.

Wina anganene kuti imeneyo inali nkhani ya andale okhaokha. Ayi ndithu. Ndani akanamagamula kuti bungwe ili ndi landale? Bungwe la alimi likayenda pamsewu kudandaula za mtengo wa fetereza kapena wa thonje, nduna ina sikanachedwa kulitchula kuti ndi landale. Pamenepo phungu aliyense amene ndi membala wathu akanayenera kusankha pakati pa ife ndi mpando wake.

Khoti lomwelo silinalole kuti andale aligwiritse ntchito mbali inayo. A Bingu wa Mutharika atachoka mu UDF mu 2005 n'kuyambitsa DPP, aphungu ambiri anawatsatira, ndipo iwo anapempha makhoti kuti aunike ngati gawo 65 silikusemphana ndi ufulu wa aphunguwo. Mu June 2007 bwalo la Supreme linati gawolo lili bwino. Chigamba cha 2001 chinang'ambidwa, koma nsalu yeniyeni inasiyidwa. Kukokanakokana kumene kunatsatira tonse tikukukumbukira. Bajeti ya 2007 inavomerezedwa mu September, alimi mitima ili m'mwamba kuti makuponi a fetereza afika mvula isanagwe kapena ayi. Amene amati nkhani za malamulo aakulu sizifika kumunda akumbukire chaka chimenecho.

Dziko limene linalimbana ndi funso limeneli mozama ndi India, ndipo chodabwitsa n'chakuti kumeneko nkhondo yake inayambira pa minda. India atalandira ufulu mu 1947, malo ambiri anali m'manja mwa eni minda ikuluikulu otchedwa zamindar, amene ankatolera lendi kwa alimi osauka olima m'mindamo, zofananako ndi thangata wa kuno kwathu. Maboma a zigawo anayamba kupanga malamulo olanda malowa kuti agawire olima. Eni minda anathamangira kukhoti, ndipo mu 1951 bwalo lalikulu la ku Patna linagwetsa lamulo logawa malo la chigawo cha Bihar. Boma la Jawaharlal Nehru linayankha posintha malamulo aakulu chaka chomwecho. Linapanga mndandanda wotchedwa Ninth Schedule, n'kunena kuti lamulo lililonse loikidwa m'menemo khoti lisalikhudze. Anayamba ndi malamulo 13.

Apa tinene zoona: pa nthawi imeneyo aphungu ndiwo anali mbali ya mlimi wosauka, ndipo zigamulo zina za makhoti zinkakomera eni minda. Tikanakhala alimi a ku Bihar mu 1951 bwenzi tikuimbira m'manja Nyumba ya Malamulo.

Koma khomo limene linatsegulidwa chifukwa cha mlimi silinatsekedwenso. Mndandanda uja unakula mpaka kupitirira malamulo 280, ena osakhudzana n'komwe ndi minda. Mu 1970 mkulu wina wa chipembedzo cha Chihindu wa ku Kerala, dzina lake Kesavananda Bharati, anakasuma chifukwa lamulo logawa malo linakhudza minda ya nyumba yake yachipembedzo. Mlanduwu unamvedwa ndi majaji 13 kwa masiku 68. Pa 24 April 1973 majaji 7 anagonjetsa anzawo 6 ndi chigamulo chimene chikugwirabe ntchito. Anati aphungu atha kusintha gawo lililonse la malamulo aakulu, koma sangagwetse maziko ake, chimene maloya amachitcha basic structure. Kunena kwina, mutha kufolera nyumba ndi udzu watsopano, kusintha chitseko kapena kuwonjezera chipinda, koma simungazule mzati n'kumati mukukonza nyumba. Mkuluyo sanapindule kwenikweni, chifukwa majajiwo sanagwetse chitetezo chimene aphungu anaika pa malamulo ogawa malo a ku Kerala. Alimi sanalandidwe kanthu, koma aphungu anauzidwa kuti ali ndi polekezera.

Phindu lake linaoneka patangopita zaka ziwiri. Mu June 1975 khoti la ku Allahabad linagamula kuti nduna yaikulu, mayi Indira Gandhi, anaphwanya malamulo a chisankho m'dera lawo. Boma lawo linalengeza kuti dziko lili pa ngozi, linatsekera otsutsa ambiri, ndipo aphungu anasintha malamulo aakulu kuti chisankho cha nduna yaikulu chisamafunsidwe kukhoti. Bwalo la Supreme linasiya mayiwo pampando, koma linafufuta ndime imeneyo ponena kuti yakhudza maziko. Mu 1976 aphungu anayesanso, ulendo uno polemba mosabisa kuti mphamvu yawo yosintha malamulo ilibe malire ndipo khoti lisalowererepo. Mu 1980, pa mlandu wa Minerva Mills, khoti linafufutanso zimenezo. Mu 2007 linawonjezera kuti ngakhale malamulo oikidwa mu Ninth Schedule pambuyo pa 24 April 1973 atha kuunikidwa. Chida chimene chinasulidwa kuti chiteteze mlimi chinali chitasanduka chotetezera mpando wa munthu mmodzi, ndipo panalibenso wina woti n'kuchilanda koma khoti.

Si dziko lililonse limene linatsata njira ya India. Ku Kenya, mu March 2022, bwalo la Supreme linakana kuti chiphunzitso cha maziko chija chizigwira ntchito kumeneko. Komabe linaimitsa ndondomeko yosintha malamulo yotchedwa BBI, ponena kuti Pulezidenti sangadzibise m'njira imene inaikidwira anthu wamba. Anasiyana mawu ndi a ku India, koma nawonso anabweza andale.

Tikudziwa zimene ena anganene, ndipo si zopanda nzeru. Phungu timamusankha ndife, jaji sitimusankha. Majaji amakhala m'tauni, amayankhula Chingerezi chovuta, ndipo loya wotsika mtengo kwambiri amafuna ndalama zoposa zimene mlimi amapeza pa ekala yonse ya chimanga. Mlandu umatha zaka. Nanga n'chifukwa chiyani anthu ochepa ovala mikanjo azikaniza zimene aphungu 153 agwirizana? Yankho lathu ndi lakuti jaji akagwetsa kusintha kosatsata gawo 196, sakulanda mphamvu ya anthu. Akuibweza kwa anthu. Zimene akunena n'zakuti nkhani iyi ndi yaikulu kuposa aphungu, kafunseni eni ake. Gawo 12 limanena kuti mphamvu zonse zolamulira zimachokera kwa anthu a m'Malawi, ndipo olamulira amangozisunga m'malo mwathu. M'kalabu mwanu momwemo, komiti ikhoza kusintha tsiku la msonkhano kapena chindapusa cha ochedwa. Koma ikadzuka tsiku lina n'kulemba kuti wapampando sadzachokanso ndipo mabuku a msungichuma asamaonedwe, mungavomere poti komitiyo munaisankha nokha? Munaisankha kuti iyendetse kalabu, simunaipatse kalabuyo.

Ndiponso pa nkhani zokhudza mipando yawo, malipiro awo ndi matemu a mtsogoleri wawo, aphungu amakhala oweruza pa mlandu wawo womwe. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ine ndinagwirapo ntchito ya ulangizi, ndipo ndinaona kuti ngakhale komiti ya anthu abwino imayamba kusokonekera ikangodziwa kuti palibe wobwera kudzaona mabuku.

Sitikunena kuti malamulo aakulu asamasinthidwe. Mu February 2017 aphungu anasintha malamulo kuti munthu asalowe m'banja asanakwane zaka 18, ndipo anachita izi popanda riferendamu ngakhale nkhaniyi ili m'chigawo cha ufulu wachibadwidwe. Kusintha kumeneku kunali kwabwino, ndipo ana athu aakazi m'midzimu akupindula nako. Koma taonani kuti kakhomo kaja ndi kotseguka, ndipo kiyi wake ali ndi Sipikala, amene nayenso ndi wandale wosankhidwa ndi aphungu omwewo. Pomwe padutsa chabwino, mawa pathanso kudutsa choipa. Tsiku lina wina adzabwera ndi bilu yokhudza gawo 28 n'kunena kuti akungokonza mawu. Kumbukirani kuti malamulo a malo a makolo, monga lija la 2016 limene linasinthidwanso mu 2022, ndi malamulo wamba amene amayezedwa pa gawo 28. Gawolo likafooka, munda wanu watsala pamtunda. Choncho chikalata cha Sipikala chisamakhale mawu omaliza. Azilemba zifukwa zake poyera, ndipo khoti likhale ndi mphamvu yoziunika bilu isanayambe kugwira ntchito.

Khoti lili ndi chofooka china chimene tiyenera kuchidziwa: silidzuka lokha kukafuna milandu. Limadikira wina agogode. Mu 2003 anagogoda ndi azipembedzo. Pamene mipando ya alimi imachotsedwa mu 2001, mabungwe athu anali otanganidwa ndi ngongole za fetereza ndi misika, ndipo mawu athu sanamveke mokwanira. Nkhani zimenezo n'zofunika, palibe akutsutsa. Koma bungwe limene limatha kusonkha ndalama zogulira sikelo ndi matumba lithanso kusonkha kangachepe kolipira loya, kapena kugwirizana ndi mabungwe ena amene ali nawo kale maloya. Gawo 15 limalola munthu kapena gulu lokhudzidwa kupempha thandizo la khoti pa nkhani za ufulu wachibadwidwe.

Kwa aphungu tikupempha kuti bilu iliyonse yosintha malamulo aakulu izimasuliridwa m'Chichewa, Chitumbuka, Chiyao ndi zinenero zina, iwerengedwe pa wailesi, ndipo papite nthawi yokwanira isanakambidwe. Isamabwere nthawi ya dzinja pamene tonse tili kumunda ndi kupalira. Tikufunanso kuti malire a matemu a Pulezidenti alowe pa mndandanda wa magawo otetezedwa, kuti zija za mavoti atatu zisadzachitikenso. Za Seneti tingathe kukambirana, chifukwa n'zoona kuti nyumba ya anthu 80 imafuna ndalama, ndipo mwina pali njira ina yotsika mtengo yoti mawu a mlimi azimveka bilu isanakhale lamulo. Koma kukambiranako kuchitike ndi ife, popeza mipando inachotsedwayo inali yathu.

Gawo 64 ndiye silifuna ndalama zomangira nyumba kapena kugulira magalimoto. Linachoka ndi mavoti a aphungu, ndipo lingabwerenso ndi mavoti 153. Phungu wa dera lanu akadzabwera ku chionetsero cha zaulimi kapena kudzatsegulira mjigo, wapampando wa kalabu aimirire mwaulemu n'kuwafunsa kuti, "Olemekezeka, kodi voti yanu idzakhala imodzi mwa 153 amenewo?" Mlembi alembe yankholo m'buku la kalabu pamodzi ndi tsiku lake, ndipo atitumizire kuno ku ofesi kuti tidzalisindikize m'kope lotsatira.